Nkhondo ya Gajoni

Tamverani, inu a m'badwo uno wotaya zinthu zikangothyoka, za chaka chija cha fumbi pamene bambo wina wokonza zilizonse anamwalira nasiya ana aamuna awiri, ndi kachitini ka mkaka kolembedwa ndi dzanja lake kuti GAJONI. M'katimo munali kachitsulo kotalika ngati chala, kadzimbiri, kopanda mutu kapena mchira.

Nyundo, macheka ndi masipanala anagawana mwamtendere. Koma pa kachitini aka ndiye panavuta, pakuti aliyense ankati mumtima: ngati mawuwa ndi a ntchito yanga, ndiye kuti bambo ankanyadira ine.

Anayamba kuimirira wamkulu, kalipentala, Mfumu ya Utuchi, Wometa Matabwa, amene chala chake china chinatsalira ku macheka, nati, “Iwe, gajoni ndi chitsulo chimene chitseko chimazungulirapo. Mawuwa anabadwira pa thabwa, injini isanalotedwe n'komwe.”

Anayankha mng'ono wake, makaniko, Ngwazi ya Girisi, Wogona Pansi pa Malole: “Achimwene, musandiseketse. Gajoni amagwira pisitoni mu injini. Zitseko zanuzo zinangobwereka.”

Nkhondo inakula. Akazi awo anasiya kubwerekana mchere. Pabalaza pa mayi awo a anyamatawa mipando inagawidwa pawiri, tebulo n'kukhala malire, ndipo mphaka yekha ndiye ankawoloka wopanda chilolezo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi anaitana mphunzitsi wopuma, Mlonda wa Dikishonale Yopanda Chikuto. Iyeyu ananyambita chala, natsegula masamba mpaka tiyi anazizira.

“Onse mukunena zoona,” anatero. “Komanso ndi chitsulo chogwira chiwongolero cha bwato. Komanso ndi kansomba kosavuta kukola. Komanso ndi munthu wopusitsika. Angereziwo anachita kutola kwa Afalansa.”

“Ndiye katenge ndani, aphunzitsi?” anafunsa wamkulu.

“Mwina msodzi.”

Anamuperekeza mpaka pageti mwaulemu woopsa, ndipo sanamuitanenso.

Apo m'pamene amayi, amene masiku onsewa ankangosoka diresi pakona, analuma ulusi n'kulankhula.

“Ana inu mwanditopetsa. Bambo anu Chingerezi sankachidziwa. Mawuwo anangowamva kwa bwana wina ali mnyamata. Chilichonse chimene sankadziwa ntchito yake, koma mtima osalola kuchisiya, ankati gajoni. Kachitsuloko anatola pamsewu. Iwe wamkuluwe utalephera mayeso kachiwiri anati, ‘Gajoni wangayu ndimutani?’ Mng'ono wakoyu atagwetsera njinga mu ngalande ananenanso chimodzimodzi.”

Wamkulu anayang'ana kudenga nthawi yaitali, wamng'ono anapukuta maso ndi nsanza ya oyilo, nkhope yonse bii. Kunena zoona, ine wofotokozane ndinawamvera chisoni.

Mtendere unasainidwa pa chivindikiro cha bokosi la zida. Kalipentala anapala kashelefu ka thabwa lodula, makaniko anatsuka kachitsuloko ndi petulo, ndipo anakanyamula pa pilo kuzungulira nyumba katatu, akazi awo akuwomba m'manja mosafuna. Anakakhazika pa kashelefuko, pamwamba pa wailesi, namwa zoziziritsa kukhosi moyang'anizana nako.

“Komabe, amayi,” anafunsa wamng'ono chapansipansi, “bambo akamati gajoni, ankanena kawirikawiri za ndani?”

Amayi analowetsa ulusi mu singano osatukula mutu.

“Za ine,” anatero.