Chitenje cha Mayi Buluku

Lolemba

Tepi yachiwiri yapezeka! Ili ku Nayuchi, kwa mlamu wa Che Bwanali, yemwe uja anabwera ndi yoyamba kuchokera ku Bulawayo. Che Bwanali ati Loweruka masana tionetsa mu tiirumu yawo kuseri kwa siteshoni. Kanema ndi wawo, pakamwa ndi panga. Azungu a m'chombo cha m'mlengalenga akalankhula, ine ndimauza anthu m'Chichewa. Pomwe sindinamve ndimadzazapo ndekha.

Yoyamba inathera poipa. Chombo chafa pakati pa nyenyezi. Woyendetsa, amene tonse timati Mayi Buluku, watuluka panja kukakonza, chingwe chaduka. Kenako malembo basi. Balaka yense akukangana mpaka lero.

Zofunika Loweruka:
tepi
masaka otseka mawindo
benchi lakutsogolo
Asiyatu pa benchilo, ine pambali pake
kulimba mtima

Asiyatu akubwerera kwawo kwa Mposa Lamulungu, azakhali ake omwe amawathandiza kukazinga mandasi achira. Ndimamukonda, ndipo sindinamuuze. Ndikapanda kulankhula Loweruka, kwatha.

Lachiwiri

Mtsutso mu tiirumu, tiyi mpaka kuzizira.

Che Sumani atelala sakukondwa ndi olemba seweroli. "Anthu ulendo wonsewo osadya, osaswali. Kaya kumwambako kibula, koyang'ana popemphera, amaipeza bwanji."

A Phiri okonza njinga akulimbana ndi Chimutu, mlendo wa dziko lina uja amazimiririka apa n'kutulukira apo. "Palibe za sayansi apa. Kwathu timati lichero."

Asiyatu, ali ndi beseni la mandasi pakhomo: "Amuna odzaza chombo, koma wotuluka panja ndi mkazi. Pamenepo sananame. Ndipo safa ameneyo."

Ndavomera mokweza kuti safa. A Phiri andikumbutsa kuti sabata yatha ndinkati wafa kale. A Phiri amakumbukira zosafunika.

Lachitatu

Sitima ya ku Nayuchi yafika. Mpunga, nkhuku, amayi a mitolo. Tepi palibe.

Galadi wa sitima akuti mlamuyo wapita ku Chiuta kukagula matemba, ndipo nyumba watseka. Mwina Lachisanu.

Palibe vuto. Ndasita malaya. Ndikuyeserera mawu:
"Asiyatu, kwa Mposa n'kutali?" Zopusa, ndikudziwako.
"Asiyatu, inu muli ngati nyenyezi." Aseka mpaka kugwetsa beseni.
"Asiyatu." Apa pokha ndiye pakumveka bwino.

Lachinayi

Kwabwera a tcheyamani a m'dera lathu. Amva kuti tikuonetsa mkazi wovala buluku.

"Lamulo ndi lamulo. Mkazi savala buluku, kaya ali pansi, kaya ali kumwamba."

Che Bwanali thukuta kamukamu. Awapatsa tiyi wamkaka. A tcheyamani afunsanso ngati amuna a m'chombo ali ndi tsitsi lopitirira kolala. Ndawaonetsa Chimutu pa tepi yoyamba, mutu mbee wopanda tsitsi. Ati ameneyo ndi nzika yabwino.

Watipulumutsa ndi Che Sumani. "Timuveka chitenje." Akuti asoka kansalu kopachika pa chingwe, kotseka theka la m'munsi la galasi la kanema. Mayiyo akakhala pampando, kansalu pambali. Akaimirira, kokani.

A tcheyamani avomera, ndipo abwera kudzaona okha.

Wokoka ndani? Onse andiyang'ana. Akuti ndimakhala kale pafupi ndi kanema. Ndiye kuti pakamwa kumasulira, dzanja kukoka, benchi kuliona patali. Komabe pa mapeto ndipeza mpata.

Lachisanu

Tepi yafika, m'dengu la matemba. Fungo lake amphaka a pa siteshoni atiperekeza mpaka pakhomo.

Timati tiiyese anthu akatuluka ku mzikiti. Magetsi azima. Che Bwanali ati, "Inshala ili bwino, mlamu wanga ndi munthu wosamala."

Nkhani yabwino: nsalu wapereka ndi Asiyatu, chitenje chake chakale cha maluwa achikasu. Akuti, "Mnzathu asachite manyazi pa anthu." Che Sumani apinda m'mphepete mwaluso ngati cha mkwatibwi. Ndachigwira nthawi yaitali kuposa mmene kuyesa chingwe kumafunira.

Loweruka

Anthu thothotho, ena pa mawindo akukankha masaka. Asiyatu pa benchi lakutsogolo. Pambali pake, pa malo anga, a tcheyamani.

Tepi yayamba bwino. Mayi Buluku akuyandama mumdima. Ndakoka chitenje.

Chimene sitinaganize: kumwamba kulibe kumutu kapena kumiyendo. Mayiyo watembenuka chadodolido. Chitenje chatseka nkhope, buluku lili pamwamba poyera, miyendo yonse iwiri!

"Mwamuveka kumutu," a tcheyamani.

Ndadula chingwe, ndagwira chitenje ndi manja. Iye kuzungulira, ine kumutsata. Kumanzere, kumanja, pakona. Uku ndikumasulira: "Akuti mpweya watsala pang'ono." Wanganso unali utatsala pang'ono.

Kenako chitseko cha chombo chatseguka. Dzanja la Chimutu likutambasuka. Zala zatsala pang'ono kukhudzana. Asiyatu wagwira pakamwa.

Phethi. Mizeremizere.

Ukwati. Tenti, mbale za mpunga, mkwatibwi wa velo, anthu akuda ngati ife akuvina. Pakati pawo mlamu wa Che Bwanali, tayi ili paphewa. Munthu wosamala uja anajambulira ukwati wa mwana wake pamwamba pa mathero athu.

Che Bwanali akuyang'ana kudenga. Wina kumbuyo: "Tamasulirani, achimwene."

Ndamasulira: "Wapulumuka. Afika pansi. Akukwatiwa."

Nthungululu mpaka ku siteshoni.

A Phiri: "Nanga wada bwanji?"
Che Sumani: "Dzuwa anali nalo pafupi. Koma onani, tsopano akudya."
A tcheyamani: "Mwaona diresi lofika m'mapazi? Wamva malangizo."

Onse agwirizana kuti gawo ili laposa loyamba, kungoti Chimutu sanamuitane ku ukwati, chomwe ndi chipongwe. Pofika pomaliza kuyankha mafunso, Asiyatu anali atapita.

Lamulungu

Mapewa akuwawa. Ngati zala zija zinakhudzana, sindidzadziwa. Balaka yense wakhutira, wotsala m'mwamba ndine ndekha.

Ndapita kudepoti kukabweza chitenje. Mawu onse ndinayeserera aja athawa. Ndangoti, "Nsalu yanu."

Asiyatu ali pa windo la basi. "Mkwatibwi uja ndimamudziwa, tinkatunga limodzi madzi asanapite ku Bulawayo. Koma mwamasulira bwino."

Ndafuna kulowa pansi.

"Iyayi, chitenjecho sungani. Mudzabweretse nokha kwa Mposa. Amalume anga amakhala kuseri kwa mzikiti, mukafike kwa iwowo."

Basi yanyamuka. Izi sizikufuna womasulira.

Chitenje chikununkha matemba. Ndichapa mawa, ndisitenso malaya.