Ine Sindinakwatire Nthochi

Amene akuti ndikunama asiye tiyi wakeyo pabenchi, ayimirire, anene dzina lake ndi la bambo ake, kuti mawa akadzachita manyazi tidzadziwe khomo lokatula manyaziwo. Ndakumvani inu a kabaza mwaseka kumbuyoko. Sekani, achimwene, mano ndi anu. Koma pa Ulongwe pano, kuyambira pa siteji ya minibasi mpaka kwa ogulitsa chimanga uko, ngakhale muwonjezepo Balaka yense ndi Machinga yense, sanabadwe munthu amene anaona kutali kuposa ine Namakhwa, ndipo zimene ndikuuzeni lero ndi zoona zokhazokha, ndikanama sitima indiponde.

Ine ndinali wosintha njanji pa Nkaya, pamene sitima zimapatukana, ina kulowera ku Balaka, ina ku Liwonde mpaka ku Mozambiki. Telesikopu yanga yoyamba ndinaipeza kwa wansembe wina wokalamba wa ku Italiya amene ankabwerera kwawo kuti akafere pakati pa abale ake. Kwa inu amene simukuidziwa, telesikopu ndi mpope wokhala ndi magalasi m'kati, ukasuzumiramo zakutali zimabwera pamphuno. Yakeyo inali yamkuwa, yokutidwa ndi chikopa chakuda, yakale kuposa njanji imene, ndipo anandipatsa pothokoza chifukwa sitima itamusiya pa siteshoni ndinaithamangira n'kuigwira bogi yakumbuyo ndi dzanja limodzi, mawilo n'kumangozungulira pamalo amodzi akulavula moto mpaka mkuluyo anakwera ndi masutikesi ake onse. Tsiku lomwelo telesikopuyo ndinailoza ku phiri la Chikala, ndipo ndinaona nyani atakhala pamwala akuchotsa mnzake nsabwe, nsabweyo nayonso ikudzikanda chifukwa inali ndi kansabwe kake pamsana, kansabweko kakundiyang'ana ine. Mukumva? Matenda anandilowa pomwepo.

Ndinasaka matelesikopu akale ngati mmene mlenje amasakira nyama chaka cha njala. Atsopano apulasitikiwa ndinkawakana, ndinkafuna okhawo amene anthu akale ankaonera nyenyezi pakhonde pawo, amene dzina la wopanga linafufutika ndi zala. Ina ndinaipeza m'sitolo ya mmwenye ku Liwonde akukulungirapo nsalu, osadziwa kuti mpope umenewo umaona mvula ya mawa. Ina, yaikulu ngati mgolo, ya kalilole wofanana ndi lichero, ndinaipeza pa esiteti ya fodya yosiyidwa nkhuku zikuikiramo mazira, ndipo anapiye oswedwa mmenemo ankaona mphamba asananyamuke n'komwe kwawo ku Zomba. Ina ndinakaitenga ku Mozambiki nkhondo ili m'kati, kwa Mpwitikizi wina amene anakalambira pa nsanja yowunikira zombo, ndinabwera nayo wapansi nditaisenza, ndipo ndikafika pamene anakwirira mabomba ndinkangoiloza pansi n'kuwaona onse atagona m'nthaka ngati mbatata, n'kumadutsa pakati pawo ndikuyimba mluzu. Yaing'ono kwambiri inali ngati chala changachi, koma ukayang'ana nayo mwezi unkamva kuzizira kwake m'mano. M'nyumba mwathu munadzaza mpaka makoswe anasamuka posowa podutsa.

Mbiri inamveka. Anthu ankabwera pakhomo panga kuchokera ku Ntaja, ku Phalula, kuno ku Ulongwe, aliyense ndi chake chotayika, ndipo palibe amene anabwerera chimanjamanja. Mbuzi yobedwa ndinkaipeza ili kale mumphika n'kutchula ndi amene akusonkhezera moto. Mayi wina mwamuna wake anapita ku Joni n'kukhala chete, ndinamupeza ali pakhonde la nyumba yosanja akuchapa matewera a mwana wa mkazi wina, ndipo mayiyo atasuzumira n'kumutukwana, bamboyo anagwetsa beseni. Telala wina wa pa Balaka anataya singano m'mchenga wa pamsika, ndinaipeza ndili pa Nkaya, ulusi wake ukadali pomwepo. Ndinkapeza chilichonse, cha munthu aliyense.

Mwina mukuganiza kuti akazi anga ankadandaula. Iyayi. A Esitere, mayi a mwana wathu Fanesi, ndi amene ankasokera matelesikopuwo zovala, iliyonse chitenje chake, ndipo Loweruka ankakwecha mkuwa ndi phulusa ndi ndimu mpaka oyendetsa sitima ankadandaula kuti nyumba yathu ikuwathobwa m'maso. Za nyenyezi analibe nazo ntchito. Iwo ankakonda ya Mpwitikizi ija, kuiloza kum'mawa, ku mapiri a ku Mozambiki kumene agogo awo ndi anga anachokera wapansi atasenza miphika. Ankakhala pampando chakumadzulo dzuwa lili kumsana, diso lili pagalasi, n'kumandiuza za abale amene sanakumanepo nawo chibadwire: uyu wamanga nkhokwe yopendekeka, uyu wathira mchere kawiri m'ndiwo, uyu mpongozi wake ndi waulesi. Ankawapatsa moni m'Chilomwe, ndipo ndikukuuzani, agalu a kumeneko ankagwedeza michira. Ndinakhala nawo mayi amenewo kuyambira tsitsi langa lili bii mpaka litayera, ndipo sitinagonepo titakwiyirana.

Kenako kunabwera chaka cha mvula ija, nonse mukuikumbukira, imene inagwa osapuma mpaka achule anayamba kupempha malo m'nyumba za anthu. Mwana wathu Fanesi anali atachira kumene ku Utale, kutsidya kwa Rivirivi, ndipo amayi ake anapita kukamusamalira ndi khandalo. Mvula itadukiza pang'ono anati abwerere kunyumba akaone ngati ndikudya. Anthu amene anali pamtsinje anandiuza kuti pamene ankalowa madzi anali a m'mawondo, dengu lili pamutu, ndipo ali pakati kunamveka mkokomo kumtunda, madzi ofiira akubwera ataimirira ngati khoma, atanyamula mitengo, mbuzi ndi madenga. Anthu anakuwa. A Esitere anacheuka kamodzi, ndipo sanaonekenso.

Tinasaka m'bango, m'matope, m'minda ya anthu mpaka kumene Rivirivi amathira mu Shire, osapeza ngakhale duku. Pamapeto pake akumpingo ndi abale anagwirizana zodula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu n'kuliika m'manda m'malo mwa thupi, kuti maliro athe. Alamu anga, achimwene awo a Esitere, ndi amene anabwera kudzandiuza.

"Alamu, tiyeni tikaike. Anthu atopa ndi kudikira."

"Kaikeni nthochi yanuyo," ndinatero. "Ine sindinakwatire nthochi."

Tsiku limene iwo ankayimba nyimbo kumanda ine ndinali pamsewu ndi ngolo yodzaza matelesikopu anga onse, ndipo ng'ombe zitalephera kukoka ndinazikweza m'ngolo momwemo n'kukoka ndekha, kuwoloka Shire pa Liwonde, kukwera Chikala mpaka pamwamba penipeni. Kumeneko ndinawalumikiza, kamwa la iyi kumchira kwa iyi, ndi malegeni ndi phula la njuchi, yaing'ono ija kudiso kwanga, ya mgolo ija kutsogolo, ndipo mpope unatalika mpaka nsonga yake inkalendewera pamwamba pa Liwonde ine ndili kuphiri, mthunzi wake unadula minda pakati moti chimanga cha mbali imodzi chinachedwa kucha, akakowa ankaterapo kuti apume, ndipo kuti ndiutembenuze pang'ono chabe ndinkayamba kukankha m'mawa n'kumaliza masana. Mukumva, inu a kabaza? Munthu amene anapeza singano ya telala akanalephera bwanji kupeza mkazi wake?

Ndinayambira pamene Rivirivi amakumana ndi Shire n'kumatsika ndi madzi. Ndinayang'ana pansi pa bango lililonse. Ndinasuzumira m'mimba mwa ng'ona iliyonse, chifukwa magalasi amenewo ankaboola chikopa, ndipo ndinaonamo makasu, belu la njinga, mbuzi ili ndi chingwe chake, wailesi ikulengezabe za maliro, koma a Esitere munalibe. Ndinatsika mathithi onse, ndinafika ku Chikwawa, ku Nsanje, ndinalowa mu Zambezi, ndinayang'ana nkhope ya mtembo uliwonse umene madzi anasiya pamchenga, ndipo inali yambiri, anthu inu, ana atagwirabe nsalu za amayi awo, ndipo uliwonse ndinkaupepesa n'kupitirira. Sindinkadya. Chiswe chinamanga chulu kuzungulira miyendo yanga mpaka m'chiuno, mbalame inaikira mazira m'chipewa changa, anaswa, ana anakula n'kuuluka, ine diso lili pagalasi. Pamene diso langa ladutsa udzu unkapsa, ndipo anthu a ku Chikwawa mpaka lero amaloza mzere wakuda m'mbali mwa mtsinje osadziwa kuti ndinali ine. Diso lakumanja linatha choncho, pang'onopang'ono ngati sopo, mpaka tsiku lina linazima. Ndinaikapo lakumanzere.

Ndi lakumanzerelo ndinatulukira pa nyanja yamchere, kumene madzi alibe tsidya, ndipo m'mawa wina dzuwa litangokwera ndinaona kachilumba ka namasupuni ndi bango kakuyandama pakati pa mafunde, kochokera mu Shire mwathu momwemu. Pakachilumbapo panali kachisakasa, panali utsi, panali mizere ya kalongonda atayanga bwinobwino pa timitengo, ndipo pakati pa mizereyo panali mayi atawerama akupalira, atandifulatira. Duku linali lobiriwira, limene anavala popita ku Utale. Phewa lakumanzere linali lotsika pang'ono, monga linakhalira chigwere mumtengo wa mango ali mtsikana. Ndipo ankapalira mmene ankapalirira iwo okha, kumenya khasu pang'ono, kuima, kugwira m'chiuno, n'kuyambanso. Anali a Esitere, amoyo, onenepa kuposa mmene anachokera. Ndinadikira kuti acheuke. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka, iwo osacheuka. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, msana wokhawokha.

Ndipo ndinachotsa diso, ndinaika pakamwa panga pampopepo, ndinakoka mpweya wonse wa paphiri mpaka mitengo inaweramira kwa ine, n'kuitana dzina lawo. Magalasi ananjenjemera kuyambira loyamba mpaka lomaliza, akakowa onse anabalalika, ng'ombe za ku Liwonde zinagwada. Iwo anapitiriza kupalira.

Umu ndi mmene anandipezera Fanesi, atakwera phiri lonselo khanda lili kumsana.

"Bambo, tiyeni kunyumba. Mwatha."

"Amayi ako ndawapeza. Bwera udzaone."

Anagwada, anaika diso pagalasi, n'kuyang'anitsitsa, mwana akulira kumbuyo. Kenako anati, "Bambo, muli nkhungu yokhayokha umu. Magalasi achita chuku."

"Pukuta misozi, uyang'anenso."

"Ndapukuta, bambo."

Ndinamusuntha kuti ndimusonyeze ndekha, ndinaika diso langa, ndipo ndinangoona zoyera ngati ufa. Lakumanzere nalo linali litatha. Linangodikira kuti ndiwapeze basi.

Ananditsitsa phiri atandigwira dzanja ngati mwana. Matelesikopu tinawasiya komweko, ine ndimati ndikapume pang'ono ndibwerere, koma ndinadwala mpaka mvula ina inagwa n'kutha, ndipo pamene amuna a Fanesi anakwera kuti akawatenge anapeza ogula zitsulo zakutha atafikako kale. Zinthu zimene zinawoloka nyanja agogo anu asanabadwe, zimene sizidzapangidwanso pa dziko lino, anaziphwanya ndi hamala n'kuziika pasikelo pamodzi ndi mapoto obooka. Magalasi anawataya pamiyala. Mkamwini wangayo anangobwera ndi malegeni, n'kumangira mitolo ya nkhuni. Pambuyo pake iye ndi Fanesi anasamukira kuno kudzagulitsa chimanga, n'chifukwa chake mumandiona pabenchi pano m'mawa uliwonse, amandisiya popita kumsika n'kudzanditenga poweruka. Akuchipatala ku Balaka akuti ndi ng'ala, akuti mwina angaipale. Ndinawauza kuti ng'ala imagwira maso amene alipo, angawa anatha ndi ntchito.

Fanesi amapita kumanda kukalambula pamene anaika nthochi, ndipo sindimuletsa. Koma amayi ake sali pamenepo. Ndinawaona ine ndi diso langa akupalira kalongonda pakati pa nyanja, ndipo amene akukana akwere Chikala adzandiuze chimene iye waona. Mukuti bwanji sanayankhe? Kumeneko n'kutali, achimwene. Diso limafika msanga, mawu amayenda wapansi. Dzina ndinaitanalo likadali m'njira, mwina panopa langodutsa kumene Nsanje, ndipo tsiku lina lidzafika, iwo adzaweramuka, adzasiya khasu, adzacheuka kuti aone kumene lachokera. Zimenezo sindikayika ngakhale pang'ono. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti tsiku limenelo adzayang'ana kuphiri, adzakweza dzanja, adzadikira mpaka dzanja lidzawawa, ndipo kuphiriko kudzakhala kulibe munthu.