Uta wa Amanzere Ndinaukana

Amene akuti ndimanama abwere adzagwire phewa langali, amve mmene likulirira ngati chitseko cha fuliji yakale, akatero akanene zawozo kwina. Ine ndatopa. Nkhaniyi ndaifotokoza kutchalitchi, ndaifotokoza m'basi ya ku Evington kuno ku Leicester, ndaifotokoza ngakhale pamaliro, ndiye lero ndailemba kuti aliyense adziwerengere, pakamwa panga papumeko.

Anayambitsa ndi mlamu wanga Phiri, Mzambia wa ku Chipata amene anakwatira mlongo wanga. Tsiku lina tikuwotcha nyama kuseri kwa nyumba yake, ndinangonenako pang'ono kuti kwathu ku Mchinji ndinkalasa ntchentche ili pamphuno pa ng'ombe, ng'ombeyo osaphethira. Anthu anaseka bwinobwino, nkhani n'kutha. Koma Phiri ndi munthu wosadziwa kusiya nkhani igone.

"Mulamu, ku Loughborough kuli shopu ya mauta. Tiyeni muzatiwonesa."

Mkazi wanga ndi nesi, sataya mawu. Anangoti, "Bambo a Chisomo, phewa limenelo ndi limene limatembenuza nkhalamba ku keya homu, kumene mumazisamalira. Mukalithyola, ntchito imeneyo muiwale." Ndinamva. Loweruka ndinakwera sitima pamodzi ndi Phiri.

Mauta ake si aja a nsungwi ayi. Uta wa kompaundi uli ndi timawilo uku ndi uku, zingwe zopingasana ngati sipoko za njinga yogundidwa. Wogulitsa anali mayi wachizungu wamfupi, waimvi. Anandiyeza mikono pakhoma, kenako anati ndipange kabowo ndi zikhatho, ndiyang'anire wotchi pakabowoko, ndibweretse manja kumaso pang'onopang'ono. Kabowo kanathera padiso lamanzere. Mayi uja anati diso lolamula ndi limenelo, choncho ndikufunika uta wa amanzere, wofewa, wolemera mapaundi 30 pokoka, chifukwa oyamba onse amayambira pamenepo.

Wa amanzere! Pamaso pa mlamu! Mukumva? Ine ndinabadwa wamanzere, inde, koma amalume anandimanga dzanjalo ndi luzi miyezi itatu, aphunzitsi anamalizitsa ndi rula mpaka sukulu ndinaitsanzika ndili Sitandade 4, ndipo kuchokera pamenepo dzanja limenelo silinapereke moni, silinalandire kanthu kwa wamkulu, linkangodikira ntchito yake ija imene tonse tikuidziwa. Zaka makumi anayi ndalibisa, mkazi wanga yemwe osadziwa, ndiye mayi wa ku Loughborough adzaliulule ndi wotchi ya pakhoma?

Ndinaloza wakuda umene unali pamwamba penipeni, wa kumanja, wa mapaundi 70. Mayi uja anapukusa mutu, amvekere umenewo ndi wa anthu amene akoka zaka zambiri, komanso ndi diso langali muvi udzakhotera kumanzere. Phiri anali atatulutsa kale foni.

"Tengani chabe, mulamu. Si ndimwe a ntchentche?"

Tinalowa m'chipinda choyeserera, chandamale chili apo, ndinaika muvi, ndinakoka. Abale anga, ndinakoka! Timawilo tinalira, magetsi a m'shopu anazilala, makapu a tiyi anatsetsereka pathebulo kubwera kwa ine, sitima ya ku Nottingham imene inali itanyamuka kale inabwerera chafutambuyo mpaka pasiteshoni anthu ake akupepesana, ndipo ana a ku yunivesite amene ankathamanga pabwalo anapezeka akuthamangira malo amodzi ngati nkhuku zomangidwa mwendo. Ndikulumbira pali amalume anga aja. Nditasiya chingwe, muvi sunapite pachandamale, unakhotera kumanzere monga mmene mayi uja ananenera, unaboola khoma, unatsata msewu wa ku Leicester, kamera ya pamsewu inaujambula chifukwa chothamanga, unalowa mu Spinney Hill, unadutsa m'butchala ina n'kutunga miyendo ya mbuzi isanu ndi iwiri imene inapsa yokha ndi liwiro, mwini wake anangothira tsabola n'kuyamba kugulitsa, koma muvi osaima, ukungokhotera kumanzere, kumanzere, kuzungulira Leicester yense ngati basi yosowa siteji. Mukumva? Masiku atatu! Unaboola mitambo, mvula yonse ya mwezi umenewo inagwa tsiku limodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'dziko muno zovala zinauma panja. Lachiwiri masana unabwerera ku Loughborough uli wefuwefu, unalowera pabowo lake lomwe lija, n'kukabaya chandamale pakati penipeni pachikasu. Mayi uja anandiimbira foni akulira.

Tsono a Phiri akuyenda ndi kavidiyo kawo, aika kale pagulu lathu la pafoni kasanu. M'kavidiyomo mukuoneka bambo wina wonenepa, wavala jekete ngati yanga, akukoka chingwe, chingwe chikusuntha mwina utali wa supuni, kenako pakumveka kuti phwa, muvi ukugwera pansapato, bamboyo akukhala pansi akuitana mayi ake amene anamwalira kalekale. Ine ndimati foni ya Phiri ndi yotchipa, inachedwa, inajambula muvi wachiwiri. Amene ali ndi nzeru amamvetsa.

Koma phwa ameneyo ndiye sindimukana. Pobwerera m'sitima Phiri anandivula jekete ngati mwana. Kunyumba mkazi wanga anagwira phewa kamodzi, anandiyang'ana, ndipo kunena zoona bola akanalalata. Kufizio, kuchipatala kowongola ziwalo, ndinapita miyezi isanu, kukakoka kalabala kofiira, ine mlenje wa ku Mchinji, pambali panga pali gogo wa zaka 80 akukoka kobiriwira, kolimba kuposa kanga.

Nditabwerera kuntchito, manija anandiuza kuti nditembenuze pilo kaye aone. Pilo ndinatembenuza. Munthu ayi. Nkhalamba zanga zimene ndinkazidzutsa m'mawa uliwonse, kuzisambitsa, kuzinamiza za mikango ya ku Mchinji mpaka zina kuiwala kuti zikudwala, anazipereka kwa anthu ena. Ine ananditsitsira kulondire kochapira zovala, pansi, kumene kulibe zenera, kulibe wondimvera kupatula mashini awiri. Uta sindinagule, wa 70 kapena wa 30.

Ndiye amene mukufuna kuyamba za mauta, akakuuzani kuti yang'anani wotchi, yang'anani, ndipo diso limene latuluka mulilandire. Ine pano ndimapinda mashiti a pabedi kuyambira 7 koloko mpaka 3, dzanja lamanja lili phee m'thumba ngati mlendo, lamanzere likugwira ntchito poyera, aliyense akuona. Ndipo musakamuuze Phiri, koma limapinda bwino kwabasi.