Mwezi wa pa tikiti

Mpaka lero mkazi wanga akamva munthu akundiyamikira kuti ndimadziwa masamu, amangotsokomola kawiri n'kuyang'ana kumbali. Popeza ndakalamba ndipo manyazi anatha, lekani ndiulule ndekha chimene chimamukereketa pakhosipo.

Nkhondo yaikulu ija itangotha, amuna ambiri a kwathu ku Ligowe ankapita ku Halale kukafuna ntchito. Ine ndinali mkamwini wa mwana mmodzi, ndipo sukulu ndinalekezera Sitandade 3 (musaseke, masiku amenewo ameneyo anali munthu wophunzira). Chopinga chinali a Zakeyu, amalume ake a mkazi wanga, eni mbumba. Mlamu wawo wina anapita komweko n'kutchona, ndiye dzina loti Halale linkawanyansa.

"Pitani, akamwini," anatero. "Koma ikatha miyezi itatu kuno osaoneka kanthu, ine mbumba yanga sindisungira mtchona. Ukwatiwu ndidzauthetsa ndekha."

Ndinatenga pensulo ndi pepala kuti ndiwatseke pakamwa. Anthu ankati kumeneko amalipira mapaundi awiri ndi theka pa mwezi. Ndinachotsapo za chipinda, ufa, mchere, sopo, palafini, ngakhale chopereka cha kutchalitchi sindinaiwale. Panatsala masheleni khumi ndi asanu. Ndinawerenga pepalalo mokweza pakhonde, mbumba yonse ikumva, n'kulonjeza kuti mwezi uliwonse ndizitumiza masheleni khumi.

Pagulupo panali a Yotamu, amene anagwirako ntchito ku Halale zaka zingapo n'kubwerako ndi jekete lokha. Anandifunsa modekha, "Kodi mphwanga, mwezi ukunenawo ndi uti?"

"Mwezi ndi mwezi, achimwene. Kapena ku Halale ali ndi wawowawo?"

Anthu anafa nacho chiseko, ine n'kudzimva kuti ndalasa. A Yotamu anangoti, "Eya basi, ukayende bwino." Mumtima ndinkati munthu wa jekete limodzi angandiphunzitse chiyani. Paja amati safunsa anadya phula.

Nditafika ndinapeza ntchito yonyamula njerwa pa kampani ina yomanga nyumba (kumudzi ndinali nditanena kuti ndikakhala kalaliki, koma imeneyo ndi nkhani ina). Malo ogona ndinapeza kwa mkulu wina kulokeshoni, tinkagawana kachipinda anthu atatu.

Pepala langa linayamba kudontha tsiku lachiwiri lomwe. Ndinafunsa anzanga kumene amatola nkhuni, iwo n'kundilozera mayi wina amene anakhala pambali pa msewu ndi timitolo. Kamtolo koti kwathu mwana angachite nako manyazi, mayiyo anati tiki, ndiye kuti mapeni atatu. Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala, koma iye sanaseke. Kumsika ndinapeza bonongwe, yemwe uja mkazi wanga amazula n'kutaya polimira chimanga, atamuunjika bwinobwino pa thumba, ali pamalonda. Kenako anabwera akuluakulu a bungwe la maliro la anthu akwathu, kufuna sheleni. Ndinati ine sindinabwere kudzafa, iwo anati onse amene anawaika ankateronso.

Komabe sindinataye mtima. Ndinakonzanso masamu anga n'kuona kuti masheleni asanu atsalabe. Tsiku lomaliza la mwezi ndinavala malaya ochapa, n'kukaima pamaso pa kapitao wathu, mkulu wina wa ku Ntcheu wosakonda zolankhulalankhula.

"Bambo, ndabwerera malipiro. Mwezi watha."

"Watha kwa yani? Taonetsani tikiti yanu."

Tikitiyo kanali kakhadi ka timabokosi makumi atatu kamene ankachongapo tikamaweruka. Ine ndinkayesa kuti n'kongoonera ngati munthu wajomba.

"Werengani mochongedwamo," anatero, "paja mumati munapita kusukulu."

Ndinawerenga. Munali makumi awiri ndi kamodzi.

"Lamulungu sitichonga. Tsiku la mvula sitichonga. Tsiku lija munatsegula m'mimba sitinachonge. Kuno mwezi umatha tikiti ikadzadza, achimwene. Nyamulani njerwa."

Ndinaima njo, malaya anga ochapawo akuwala padzuwa. Chondipweteka n'chakuti mwini chipinda ankatsata mwezi weniweni, wa pakalendala, ndipo mimba yanga inkagwirizana naye. Mwezi wolipira unali waufupi, wolandira wautali. Ine mlimi, mwana wa mlimi, ndinayamba kukwiya ndikaona mitambo.

Miyezi itatu ya a Zakeyu inatha nditalandira kawiri kokha, ndipo zonse zinathera m'nkhuni, m'chipinda ndi m'mimba. Kalata sindikanalemba, chifukwa mkazi wanga sadziwa kuwerenga, ndipo womuwerengera akanakhala amalume ake omwewo. Ndinangokhala chete ngati mtchona weniweni. Ndinene zoona, ndinkaopa kwambiri. Ndinkangoganiza za mwana wanga akuitana mwamuna wina kuti bambo.

Lamulungu lina masana kunafika a Filipo a m'mudzi mwathu, nawonso odzafuna ntchito, atanyamula kamtolo ka nsanza. Ndinati basi, anditumizira zovala zanga zotsala, ukwati watha. Nditamasula ndinapeza mfutso, nyemba, ndi masheleni awiri omangidwa pakona ya kansalu.

"Alamu, akazi anu aja, akuti ndikuuzeni pamaso," anatero a Filipo. "Anagulitsa mbatatesi zawo ndi atambala awiri mwakachetechete. Masheleni khumi anakawaonetsa a Zakeyu n'kunena kuti mwatumiza ndinu. Ndiye akuti mukadzabwera musadzasokoneze nkhani."

"Nanga awiriwa?"

"Akuti mugulire nkhuni, anamva kuti kuno n'zogula."

Misozi inalengeza, a Filipo n'kuyamba kuyang'ana kudenga ngati pali chachilendo. Taganizani, munthu wa ku Halale, wophunzira, kudyetsedwa ndi mayi wa kumudzi wosadziwa ndi "a" yemwe. Mfutso umenewo ndinaudya pang'onopang'ono mwezi wathunthu, wa pa tikiti.

Pambuyo pake ndinazolowera, ndipo ndalama zinayamba kupita kumudzi, ngakhale sizinkafika khumi kawirikawiri. Nditabwerera patapita zaka zitatu, ndinapeza a Zakeyu akulangiza akamwini anzanga kuti azitengera ine, munthu amene ananena khumi n'kutumiza khumi, miyezi itatu isanathe. Ankabwereza zimenezi pa ukwati uliwonse mpaka anamwalira. Ndikanayenera kuwauza zoona, ndikudziwa. Koma nthawi zonse ndinkangowerama mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo amalume, ndi kungodziwa kuwerengera basi."