Ndege za a Sajeni Sankhani

Ku malire a Mwanza aliyense ankadziwa kuti malemu a Sajeni Sankhani sankalola chamoyo chilichonse kupita kutsidya popanda pepala. Zaka makumi awiri ali ku usilikali, ntchito yawo inali kulemba pulani ya ndege zolondera malire: inyamuka liti, idzera kuti, ibwera liti, kenako n'kudziwitsa a dziko loyandikana nalo kuti asaiyese ya adani. Eni akewo ndege sanakwerepo, ankati imachititsa chizungulire. Atapuma ntchito anabwerera kwawo ndi wotchi, wenzulo ndi khalidwe lomwelo.

Anayamba ndi nkhunda zawo, zomwe zinkakadya ku Zobue, kutsidya kwa malire. M'mawa uliwonse ankalemba kuti ndege khumi ndi ziwiri zanyamuka, n'kupatsira pepalalo dalaivala wa thiraki kuti akasiye kutsidya. Tsiku lina zinabwera khumi ndi zitatu, ndipo yachilendoyo inagona m'dengu masiku awiri pa mlandu wolowa popanda chilolezo. Akazi awo, mayi Esinati, ankati ngakhale popita kuchigayo ankafunsidwa njira yachiwiri, kuopa yoyamba ingatsekeke.

Amene ankawaseka kwambiri a Sajeni anali a Timoti, mnzawo wa bawo, amene ankakagulitsa manachesi kutsidya pa njinga, kudzera njira zachidule zam'mapiri. M'mawa wina a Sajeni anawagwira chiwongolero.

"Nthawi yobwerera, a Timoti?"

"Lembani kuti ndikatopa, achimwene. Njingayi mwaiona mapiko?"

"Mapiko ilibe, koma kugwa imadziwa. Nenani."

Pofuna kuti angowasiya, a Timoti anatchula 2 koloko, kudzera kukhwawa louma.

Pobwerera mabuleki anaduka pamtsetse. A Timoti anapezeka pansi pa khwawalo, mwendo utathyoka, manachesi otsala ali mbwee, dzuwa likuwaphika. Njira imeneyo imatha masiku atatu osadutsamo munthu. Anakuwa mpaka mawu anasasa. Kenako anakumbukira lamulo lomwe ankaliseka pa bawo, loti ndege ikachedwa ndi theka la ola, anthu ayambe kuifuna. Anapemphera kuti misala ya mnzawoyo isachire tsiku limenelo.

Sinachire. Theka la ola litangokwana, wenzulo inalira pamsika. A kabaza anati munthuyo ayenera kuti wakhalira mowa ku Zobue, koma a Sajeni anangowaonetsa pepala n'kutsogola. Sanafunse njira kwa aliyense. Dzuwa lisanafiire, a Timoti anamva jombo zachisilikali pamwamba pa khwawa.

"Mwachedwa ndi maola awiri," anatero a Sajeni, maso ali pa wotchi. "Koma njira simunaname."

A kabaza aja ananyamula a Timoti pa machira a nsungwi kudutsa pakati pa msika, a Sajeni ali patsogolo, chifuwa chili nga nga nga ngati atsitsa okha ndege yoyaka moto. Kuyambira pamenepo pakhonde pawo pankakhala mzere m'mawa: ogulitsa makala, amayi a tomato, a kabaza omwe aja, aliyense kutchula njira ndi nthawi.

A Sajeni anatisiya chaka chatha, nyengo yozizira. Mzere uja unatha, wenzulo ili pamsomali, ndipo nkhunda zimapita ku Zobue mwachisawawa. Koma a Timoti akabwera kutsidya amatsimphinabe mpaka pakhonde paja, n'kuvula chipewa.

"Ndatera, alamu."

Mayi Esinati amayang'ana wotchi ya amuna awo, n'kuchonga papepala.