Makumba a Ababa m'Dziwe Loyamba

Mpaka lero ndikadutsa pamsika wa Songani sipalephera kupezeka wina wotsina mphuno n'kuseka. Ndimaseka naye, koma mumtima mukuwawa, chifukwa nkhaniyi sinathere pa fungo.

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, anthu ankapita kuchilumba cha Chisi wapansi, mabwato ali gone pamatope ong'aluka. Ababa, amene anakalambira pausodzi, anatola makumba amoyo m'chithaphwi chomaliza n'kuwasunga m'kadzenje kuseri kwa nyumba. Ankati ndi mbewu, nyanja ikadzabwera adzawabwezera ndi manja awo. Chimwalirireni Amayi, nsombazi ndizo ankacheza nazo. (Ine mwana wawo ankangondifunsa ngati ndazithirira madzi.)

Nthawi imeneyo ndinali paganyu kumtunda, kumene ankamanga malo oyeretsera madzi a suweji ochokera m'tauni, kuti akayera tizithirira mpunga m'malo moti nyansi zizitsikira kunyanja. Tinakumba maiwe otsatizana, loyamba lakuya kuposa onse. Titamaliza anawadzaza madzi abwino kuti aone ngati akudontha. Kunyumba kadzenje ka Ababa kanali katayamba kuuma, chitsime nacho chikutulutsa matope.

"Ababa, kuntchito kwathu kuli madzi oti munthu n'kumira," ndinatero.

"Ngakuyadi?"

"Nsungwi yathunthu siigunda pansi."

Anayang'ana nsomba zawo kwa kanthawi. "Pachilala nsomba imathawira pakuya. Tenga, mwanawe, koma uzikaziona."

Ndinazituta m'zidebe panjinga osauza munthu, kuopa kuti anzanga angaonepo ndiwo. Ndinasankha dziwe loyamba, monga mwana wa msodzi aliyense akanachitira. Sindinafunse chomwe linakuyira choncho. (Injiniya ankafotokoza ndithu, koma akayamba Chingerezi ine maganizo ankapita ku tiyi.) Makumba anasangalala, ena mpaka anaswa. Madzulo ndikawasimbira Ababa, ankamwetulira ngati ndikunena za adzukulu awo.

Linafika tsiku lotsegulira, mahema atakhomedwa, kwaya ikuimba, ine ndili mu suti ya ukwati wanga. Mlendo wolemekezeka anatsegula paipi yaikulu, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo zonse za m'zimbudzi za m'tauni, zakuda bii, zinakhuthukira m'dziwe langa lija. Ndinaima njo, kudzilimbitsa mtima kuti mwina zidutsa pamwamba. Zolankhula zisanathe, makumba anayamba kutulutsa milomo pamwamba, kenako mimba.

Sindikumbuka kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangozindikira ndili m'katimo, suti, tayi, nsapato zomwe, ndikukuwa kuti, "Tsekani! Nsomba za Ababa!" Kwaya inadukiza nyimbo pakati. Anandivuula ndi nsungwi nditafumbata nsomba imodzi, nayonso yakufa.

Injiniya, mayi wofatsa, anabwera ataphimba mphuno ndi mpango. Atamva nkhani yanga sanaseke.

"Bambo, mukanandiuza. Loyambali n'lolandirira nyansi. Lomaliza lija, losaya, madzi amafikamo atayera, ndipo timafuna kuikamo nsomba. Timangosowa kopeza mbewu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa kuseka kwa anthu onse aja.

Ndinasamba mpaka sopo kutha, koma fungo linafika kunyumba ine ndisanafike. Ababa anali pakhonde akusoka ukonde wopanda ntchito. Ndinagwada n'kufotokoza zonse. Ndinkafuna andikalipire, kaya andimenye kumene.

"Palibe yatsalako?"

"Palibe, Ababa."

Anapinda ukonde uja pang'onopang'ono. "Dzuka, mwanawe. Ndine ndinati pakuya."

Nyanja inabwera ndi mvula yotsatira, Ababa titawaika kale m'manda. Makumba anatsika okha kuchokera m'mitsinje, osadikira manja a munthu. Mpunga wanga lero umamwa madzi a dziwe lomaliza, ndipo umabereka bwino moti ndimachita nawo manyazi. Ndinaphunzira kufunsa kaye kumene paipi ikuchokera. Koma kadzenje kaja sindinakakwirire, ndipo mvula ikagwa ndimangopezeka ndasuzumiramo.