Phale la a Mbewe

Linali Loweruka la mu Julaye, cha m'ma folo koloko masana, Nairobi itazizira koopsa. Ndikanangokhala pansi manja ali m'thumba, bwenzi zonse zili bwino.

Ndinapita ku Karen, dera lina la mumzindamo, kukazonda a Mbewe, mkulu wa kwathu amene anakalamba akuphunzitsa mbiri yakale pa yunivesite. Moyo wawo wonse akhala akulemba za midzi ya m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ya zaka mazanamazana Azungu asanafike. Buku lawo lomaliza linatsala mutu umodzi, wonena zimene anthu amenewo ankadya.

Ndinawapeza atafunda bulangete, chifuwa chitawagwira. Anati chakudya chilichonse chikuwakana, koma akulakalaka mtedza wokazinga wa paphale ngati kwathu. Atatero anagona tulo.

Ine mtedza ndinali nditabweretsa. Pakhonde, pa shelefu, ndinaona phale lalikulu bwino, lakuda bii m'kati. Ndinadabwa kuti munthu wophunzira chotere angasunge chiwiya chauve. Ndinalikwecha ndi sopo (ndimanyadira ukhondo, mundikhululukire), ndinakoleza mbaula, n'kuyamba kukazinga.

Fungo ndi limene linawadzutsa. Anatuluka ndi ndodo yawo, n'kuima pakhomo.

"Achimwene, phalelo mwalitenga kuti?"

"Apa pa shelefu. Musadandaule, ndalitsuka."

"Mwalitsuka?"

"Kawiri."

Anakhala pampando pang'onopang'ono. Anandiuza kuti phalelo linakumbidwa pansi pa mudzi wakale, ndipo zakuda zimene ndinakwechazo zinali zotsalira za chakudya cha eni ake. Lolemba amayenera kupita nalo kwa akatswiri kuti akaziyeze. Mutu womaliza uja unkadikira zimenezo.

Ndinagwada (bambo wa ana anayi ine) pamaso pawo.

Anayang'ana pambaula. Kenako anati, "Tatakasani mtedzawo, ukupserera."

Ndinawapatsa m'mbale. Anatafuna, misozi ili m'maso, koma akuseka.

"Ndakalamba ndikulemba za mbiya za anthu amenewa, koma sindinaonepo ina ili pamoto. Ndilemba kuti zimene ankadya sitikuzidziwa. Wolemba mbiri azivomera pamene sakudziwa. Wonjezeraniko kamchere."

Anamaliza mbale yonse, chakudya chawo choyamba sabata imeneyo.

M'mawa mwake ndinakwera matatu, minibasi ya kumeneko, kukagula chiwaya, n'kupita nacho ku Karen. Ndinawapeza pa desiki akulemba. Ndinaima pakhomo manja kumbuyo, kuopa kukhudzanso zinthu zakale, mpaka atandilozera okha mpando umene unali wa masiku ano.